Khutu Lobwereka

A Dzonzi anayala thumba la feteleza pansi pa mthethe
nandichenjeza kuti ndisayetsemule.
Tizitsulo timeneti, anatero, tikagwera m'fumbi la Kasungu
adzatitola ndi nkhuku chaka chamawa.

Datisani ya a Chikakuda inabwera chokankhidwa
ndi anyamata anayi, kuchokera njira ya ku Chinkhoma.
Ndi yakale kuposa ine, mwinanso kuposa amayi.
Inkangopapira petulo,
ikaona chitunda n'kutsamwa,
utsi bii kumbuyo,
mabelo a fodya akupsa ndi dzuwa pamsana.

Tinazula kabureta.
Kanthu kokwana m'manja awiri,
koma m'kati mwake tinjira tochuluka kuposa ta m'chulu.
Gasiketi inafumbutuka ndisanaigwire bwino.
Pansi pa kambale ka petulo panagona matope ofiira,
a msewu wa ku Santhe, a ku Chamama,
a zaka zonse zimene munthu sanatsegulemo.
Fuloti nditaigwedeza pakhutu inati khuchukhuchu:
inabooka, inamwa, inamira,
ndiye singano inaleka kutseka pakhomo.

Majeti ndinawaviika m'chitini cha palafini.
Nditatenga waya kuti nditokose kabowo
chipewa chawo chinatera padzanja langa.
Bowo ukalikuza silibwerera, iwe.
Uzira.
Ndinauzira ndi pampu ya njinga
mpaka kadontho ka dzuwa kanaonekera tsidya linalo.

Kusitolo anati gasiketi kulibe,
mwina Lachisanu, mwina mwezi ukatha.
Tinasema yathu pachikuto cha kope langa la masamu,
lomwe lija ndinasiyira pakati fizi itasowa.
Fuloti tinakabwereka m'galimoto yakufa kuseri kwa galaja
mmene amaikira abakha.

Dzuwa litapendeka cha kuphiri
a Chikakuda anapotokola kiyi.
Inatsokomola. Inakana. Inatsokomolanso,
kenaka inadzuka ikunjenjemera thupi lonse,
sipanala ikuvina pamwamba pa batire.

Apa ndi pamene anthu ankawadziwira a Dzonzi.
Amati kale ankamva injini ikudutsa pa M1
n'kunena pulagi yodwala, asanadzuke pampando.
Anawerama, khutu pafupi ndi fani.
Anatembenuka, kuyesa khutu linalo.
Anakhala choncho nthawi yaitali.

Ndinakumbukira mmene wailesi yawo ikulirira masiku ano,
mmene amandiyang'anira pakamwa ndikamalankhula.

Sananene kanthu.
Anandipatsa sikuludiraiva, chogwirira chili kwa ine,
iwo n'kuika chikhatho pa madigadi,
maso otseka.

Lowetsa pang'ono.
Ndinapotoza. Injini inayamba kuwefuka, njala.
Bweza.
Ndinabweza theka, thekanso,
inayamba kulemera mawu, kununkha petulo wosapsa.
Penapake pakati pa njala ndi kukhuta
pali kamalo kopyapyala ngati tsitsi
pamene mpweya ndi petulo zimaleka kukangana.
Ndinakadutsa kawiri.
Kachitatu ndinakamva:
kugunda kofanana, kosathamanga,
sipanala ija itagona phee.

Ndinati, apa.
Mawu anga sanawamve,
koma nthawi yomweyo chikhatho chawo chinanyamuka
ndipo anati, apo.

A Chikakuda anaiyendetsa mpaka pa raundabauti n'kubwerera,
akuseka, mkono uli pawindo.
Analipira theka, lina akagulitsa fodya.
Anathokoza a Dzonzi: khutu lanu silikalamba, akulu!
A Dzonzi anagwedeza mutu
monga amachitira tsopano pa chilichonse chimene wina wanena.

Tikupinda thumba lija
panatsala kawashala kamodzi, kakang'ono ngati khobidi.
Tinayang'anana.
Galimoto inali itapita kale, ikukwera bwinobwino.
Anakatola n'kukaika m'thumba la ovolosi yanga,
pamodzi ndi sikuludiraiva
imene sanaiitanitsenso.